Mbande Ziwiri M'chitini Chimodzi

Bambo a Kanjuchi sanali munthu waulesi, zimenezo ndikaniretu. Anali ndi shedi imodzi ya pulasitiki kuseri kwa nyumba, yong'ambika padenga, yosokedwasokedwa ndi ulusi wa matumba, ndipo m'menemo ankalimamo matimati. Mbande ankafesera m'nyumba, m'kachipinda ka windo lalikulu, poti panja chisanu chinkazipsereza zisanatulutse n'komwe tsamba lachitatu. Pa kadzenje kalikonse ka thireyi yofeseramo ankaikapo njere ziwiri, zikamera n'kudula yofookayo ndi sizasi kuti inzakeyo ipeze malo. Ntchitoyo ankaidziwa, koma chaka ndi chaka mbande zinkangowola patsinde, zopulumukazo n'kubereka timatimati toti ngakhale amayi ogulitsa pamsewu ankatiseka.

Tsono kutsidya kwa msewu kunali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, mwini mashedi asanu oyera mbee, ndipo malole ankachita kudikirana pageti pake. Mlamuyo anali wanthabwala. Akabwera kudzacheza ankatola katimati kamodzi n'kufunsa ngati alamu ayamba ulimi wa mikanda. Bambo a Kanjuchi ankaseka nawo, koma mtima ukuwira, chifukwa munthu ameneyu anamuphunzitsa ndi iwo omwe kagwiridwe ka sizasi.

Pakhomopo anali anthu anayi: iwowo, bambo awo okalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi, akazi awo, ndi mwana mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Dzina lake loti Kanjuchi linabwera chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankayendayenda m'shedi kugwedeza zingwe za matimati kuti maluwa agwire, poti m'pulasitiki njuchi sizilowamo. Anamuphunzitsanso kuti mbande za pawindo zimapendekera kodzera kuwala, choncho m'mawa uliwonse thireyi imayenera kutembenuzidwa, mbali ya kukhoma ipite kuwindo. Mwanayo ankachita zimenezi asanasukusule n'komwe.

Za mkulu wa mankhwala bambo a Kanjuchi anamva kwa dalaivala wina kumsika. Anapitako masana dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa shopu yomata matayala. Ankayembekezera zikopa ndi nsupa, koma anapeza chipinda chosesedwa bwino, tebulo, mipando iwiri, ndi bambo wa malaya osita akuwenga zikhadabo. Mkuluyo sanafunse za mavuto. Anafunsa za ntchito, mmene amafesera, mmene amathirira, ndipo atamva za kupatulira anasiya zikhadabo zija n'kudzutsa mutu.

"Ndiye kuti mumadula yamoyo?"

"Yofookayo. Kuti inzake ikule."

"Simumva chisoni?"

"Ndi ntchito, bambo."

"Mwayankha bwino. Ine ndi inu timvana."

Anatulutsa kapepala m'kabati, momwe munali njere zinayi zakuda. Anati zimenezi n'za nyengo ziwiri. Nyengo iliyonse afese ziwiri m'chitini chimodzi, pakati pa mathireyi, ndipo njere iliyonse aitchule dzina la munthu wa magazi awo wogona pansi pa denga lawo. Zikatulutsa tsamba lachinayi apatulire monga mwa masiku onse.

Bambo a Kanjuchi anafunsa ngati sangatchule galu, kapena mbuzi. Mkuluyo anamwetulira n'kunena kuti galu alibe nawo magazi. Anafunsa chimene chimamuchitikira mwini dzina la mbande yodulidwayo.

"Inu mlimi mukundifunsa ine zimenezo? Imene mwadula imameranso?"

"Nanga ndikafesa nyengo imodzi yokha n'kuleka?"

"Njere zanga zikakhalitsa m'kapepala zimadzisankhira zokha mayina, ndipo sizipatulira. Zimatenga onse awiri."

Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo. Iwo anakhalabe pampando, maso ali pa kapepala, mutu ukuwerengera za ulimi. Mbande yofooka siichita kubwera yokha, mlimi akhoza kuifooketsa: kuiika kukhoma, kuitchinga kuwala, basi. Bambo awo anali atatopa kale ndi moyo, ankanena okha. Za nyengo yachiwiri, aa, kodi abale amatha? Adzapezeka wina wodzagona pakhomo. Anapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la malaya.

Atafika anatulutsa aliyense m'kachipinda kaja, n'kuboola chitini cha mkaka, kuthiramo dothi losefa. Njere ya kuwindo anaitchula dzina lawo, ya kukhoma dzina la bambo awo. Pashelefu anakhomapo kachidutswa ka katoni koti kazichita mthunzi mbali ya kukhomayo, ndipo analamula kuti chitinicho aliyense asachikhudze, akuyesera mbewu yatsopano.

Nkhalambayo inkakonda kukhala m'kachipindako m'mawa, kuwothera dzuwa la pawindo. Tsiku lina inaloza chitini chija ndi dzanja lake lamoyolo n'kunena molankhula movutikira kuti, mwanawe, kamodzi aka ukukamana dzuwa, kakulakwira chiyani? Bambo a Kanjuchi anayankha kuti akuona chabe mphamvu ya mbewu, n'kutuluka panja msangamsanga kukayang'ana mpopi umene sunawonongeke.

Tsamba lachinayi litatuluka anadula. Sizasi inangoti tse, kaphokoso kochepa kwambiri. Pasanathe sabata nkhalamba ija inasiya kudya, miyendo inayamba kuzizira kuchokera kumapazi, ndipo Lachisanu anaitseka maso. Anthu anati yapumula, inavutika nthawi yaitali. Bambo a Kanjuchi analira kuposa onse pamaliropo, ndipo misoziyo sinali yachinyengo ayi. Ankawakonda bambo awo. Chomvetsa chisoni n'chakuti anawakonda, n'kudulabe.

Mbande za chaka chimenecho, inu! Tsinde lonenepa ngati chala, masamba obiriwira bii, palibe imodzi yowola. Atawokera m'shedi, matimati anabereka mpaka zingwe kuduka. Ogula a m'mahotela anayamba kufika okha. Anagula pulasitiki yatsopano, anamanga mashedi ena atatu, anagula lole, nyumba anaipaka penti. Mlamu uja anasiya za mikanda, n'kuyamba kubwera ndi kabuku kudzafunsa za manyowa. Akazi awo ananenepa, Kanjuchi anapita kusukulu yabwino. Koma mwini wakeyo ankaonda. Kununkhira kwa masamba a matimati m'manja kunkawachititsa nseru, ndipo mpando wa nkhalamba uja anautulutsa m'kachipinda n'kukauponya kuseri kwa shedi.

Nyengo yofesa inabweranso, poti nyengo siidikira kuti munthu akonzeke. Anaitanitsa msuweni wawo wina woledzera kuti adzakhale nawo, amupatsa ntchito. Msuweniyo anagona masiku awiri, lachitatu n'kunena kuti nyumba iyi tulo sitibwera, n'kunyamula kachikwama kake. Ena onse anakana, aliyense ndi chifukwa chake. Anabwerera kuseri kwa shopu ya matayala atanyamula njere ziwiri zija, nagwada pasimenti, munthu wamkulu, kupempha kuti abweze chilichonse, mashedi, lole, nyumba.

"Ine sindidya matimati," anatero mkuluyo.

"Mwanayo ndimutumiza kwa azakhali ake, asagonenso pakhomo."

"Mutumizeni. Njere zinamumva kale akuimba m'kachipinda kaja. Mwatsala awiri a magazi amodzi, bambo, ndipo njere zatsala ziwiri. Ine ndikuona kuti zakwanirana bwino."

Pobwerera anaimitsa lole pambali pa msewu. Pamenepo ndi pomwe anaganiza chinthu chokhacho cholungama chimene anaganizapo m'nkhani yonseyi: adzadzidula okha. Anafesa m'chitini chatsopano. Ya kuwindo anaitchula dzina la mwana wawo, ya kukhoma dzina lawo, nakhomanso kakatoni kaja. Mtima unakhalako pansi. Anayamba kukonza zinthu mwakachetechete, mapepala a nyumba kuwaika pamodzi, kuwaonetsa akazi awo pogulira mbewu.

Njere zisanamere kunabwera uthenga woti ogula akuluakulu a kutali akufuna kuonana nawo, atenge zokolola za chaka chonse. Anadziuza kuti apite chifukwa cha mwanayo, adzasiyidwe pabwino. Mwina zinali zoona, mwina linali dyera lomwe lija litavala malaya ena, ine sindingalumbire. Kiyi wa kachipinda anasiyira akazi awo, kuti azingothirira, chitini asachisunthe. Chifukwa chake sananene. Anakhalako masiku atatu.

Atabwerako anapeza zonse zili m'malo, timitu tiwiri tatuluka m'chitini, kakatoni kali pomwepo. Anatenga kiyi n'kumathirira okha. Ya kuwindo inakula yonenepa, ya kukhoma inatalika mowonda, yotumbululuka, ikufunafuna kuwala kumene sinkakupeza. Ankaiyang'ana m'mawa uliwonse n'kumati, ndine ameneyu, zandiyenera.

Tsiku lodula anasamba, anavala malaya oyera, nadya pamodzi ndi banja lawo. Anamuyang'anitsitsa Kanjuchi mpaka mwanayo anafunsa ngati ali ndi kanthu pamphuno. Kenako analowa m'kachipinda, nadula ya kukhoma ija, naiponya pansi, nakagona pabedi kudikira kuti mapazi ayambe kuzizira.

Mapazi sanazizire. Tsiku loyamba, lachiwiri, njala inkawapweteka ngati munthu wabwinobwino. Lachitatu m'mawa akazi awo analowa kuchipinda n'kunena kuti mwana wakana tiyi, akuti miyendo yachita dzanzi.

Anamupeza atagona chagada, atafunda mabulangete awiri kunja kukutentha. Anamugwira mapazi. Anafunsa akazi awo kuti masiku atatu aja ankathirira ndani. Mayiyo anati msana unawavuta, ndiye anapatsa mwana kiyi, nanga pali cholakwika? Kanjuchi anatsegula maso.

"Musawakalipire amayi, ababa. Sindinawononge kanthu. Ndinkangotembenuza mathireyi ngati mmene munandiphunzitsira."

"Chitini chija?"

"Nachonso. Ndinaona kuti mwachiiwala pamthunzi. Katatu konse, m'mawa uliwonse."

Katatu. Mlimi aliyense akhoza kuwerengera: ya kuwindo inapita kukhoma, inabwerera, inapitanso kukhoma n'kukhala komweko. Masabata awiri onse aja bambo a Kanjuchi ankamana dzuwa mwana wawo, akuthirira bwinobwino moyo wawo womwe.

Anathamangira m'kachipinda nagwada pansi kufunafuna kambande kodulidwa kaja. Matimati ndi mbewu yoti nthambi yake ukaiviika m'madzi imatulutsa mizu, ankadziwa zimenezo. Anakapeza kuseri kwa mwendo wa shelefu, katafota, kopyapyala ngati ulusi. Anakaika m'kapu ya madzi pawindo, kukaimika ndi kamtengo ka machesi, kukauzira mpweya, kukalankhula. Anazula yawo yonenepa ija n'kuipondaponda kuti imfa isinthe njira, koma palibe chinawachitikira. Anapita ndi mwanayo kuchipatala, madokotala anayeza zonse osapeza kanthu. Anathamangira kuseri kwa shopu ya matayala, napeza m'chipinda muja mwadzaza matayala akale, omatawo akuti muno simunakhalepo munthu.

Kanjuchi anapirira masiku asanu. Tsiku lomaliza anawauza bambo ake kuti asaiwale kugwedeza zingwe m'shedi yachitatu, maluwa ayamba. Madzulo ake anapita.

Kumanda bambo a Kanjuchi anaulula zonse pamaso pa anthu, popanda wowafunsa. Ena anati chisoni chawasokoneza mutu. Akazi awo sananene choncho. Maliro atatha anakwera galimoto ya mchimwene wawo osalowanso m'nyumba ija, ngakhale kukatenga zovala.

Mashedi sanachedwe. Popanda wothirira matimati anauma ali chiimire pazingwe, mphepo inang'amba pulasitiki, anthu anazula mapaipi. Mwiniwake sankaona n'komwe. Masiku ano amayendayenda kumsika, kumene amayi amasadzula masamba, n'kumatola timitengo todulidwa tomwe tagwa pansi. Amatiika m'zitsekero za mabotolo zothira madzi, n'kutindandalika pakhonde la sitolo, mbali yowala dzuwa. Savuta munthu. Koma wina akangoyandikira kuti asunthe chitsekero chimodzi, amagwira mwendo wake n'kulira kuti musatembenuze, chonde, musatembenuze.

Inu amene mukuyang'ana za mnzanu kutsidya kwa msewu mtima ukuwawa, mverani. Chuma cha mankhwala sichilipiridwa ndi ndalama, chimalipiridwa ndi anthu, ndipo wadyera amadzinamiza kuti adzasankha yekha woti apite. Bambo uja anali ndi shedi yong'ambika, bambo ake pawindo, ndi mwana woimba pakati pa mbande, koma ankadziyesa wosauka. Anadziwa kuti anali wolemera tsiku limene analibenso womutembenuzira thireyi.