Galasi Lopanda Dontho la Magazi

Mtembo wa injiniya wamkulu, Sudheendra Kulkarni, unapezeka 12:20 masana m'chipinda choyeseramo makamera a ndege zankhondo, kumpoto kwa Bengaluru. Linali tsiku la Ayudha Puja, mwambo wa Ahindu wolemekeza zida zogwirira ntchito, ndipo antchito onse anali panja kuveka makina nkhata zamaluwa.

Insipekitala Nagaveni Hosamani, mayi amene mitembo inasiya kalekale kumudabwitsa, anaunguza mwakachetechete. Mutu wa malemuyo unali utaphwanyidwa ndi sipanala. Magazi anali ponseponse: pakhoma, pachikalata chosainidwa patebulo, pakamera yatsopano yoti ikamangidwe pamimba pa ndege Lolemba. Koma galasi la kamerayo linali mbee.

Woyamba kupanikizidwa ndi mafunso anali wachiwiri kwa malemuyo, Prajwal Shenoy, munthu wapakamwa.

"Akuti dzulo munatukwanizana ndi a Kulkarni," anatero Hosamani.

"Theka la fakitale ino linatukwanizanapo nawo, mayi. Mutimanga tonse?"

"Ndiyamba ndi inu. Nkhani inali yotani?"

"Makamerawa amachita khungu kukazizira kwambiri. Iwo anadziwa zimenezi chaka chatha, koma ankangosaina kuti ali bwino."

Zithunzi zapamwambo zinamupulumutsa Shenoy. Nthawi yonseyo anali panja, anthu makumi anayi akumuona. Hosamani anakhumudwa, chifukwa munthuyo sanamusangalatse n'komwe.

"Galasi lija munapukuta ndinu?"

"Ine? Ngakhale kulipumira sindiloledwa. Amalikhudza ndi a Channappa okha."

Pofika 4:05 madzulo, Channappa, mkulu wa imvi amene anapukuta magalasi pafakitalepo zaka makumi atatu, anali kupolisi. Tiyi amene anamupatsa anazizira osamukhudza.

"Bambo, wakupha wina aliyense akanathawa," anatero Hosamani. "Uyu anaima, n'kutenga kansalu, n'kupukuta galasi mosasiya kamzere."

Mkuluyo anayang'ana zala zake.

"Mwana wanga Girish anali msilikali kumapiri a chisanu. Ndege yathu inadutsa pamwamba pa gulu lawo n'kunena kuti njira ili bwino. Adani anali atabisala pomwepo, ndipo Girish anafera komweko. Kamera ya ndege imeneyo ndinaipukuta ndine, mayi. Chaka chathunthu ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinasiyapo fumbi."

"Kenako dzulo munawamva a Shenoy ndi abwana anu akukangana."

"Ndinamva. Lero ndinalowa kukawafunsa abwana. Sanatukule n'komwe mutu. Anangoti, 'Channappa, ntchito yako ndi nsalu.' Sipanala inali pafupi."

Hosamani anasiya kulemba. Anamumvera chisoni mkuluyo, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Nanga galasi munalipukutiranji?"

"Magazi akauma amaononga galasi. Akadzaikonza kamerayi idzapenya, ndipo kumapiri kuja kudakali ana a eni ake." Anadzutsa mutu. "Popanda siginecha ya abwana siuluka Lolemba, eti?"

Hosamani anakumbukira chikalata cha patebulo chija. Inki ya siginecha ya Kulkarni inali itauma kale magazi asanagwerepo.

"Imwani tiyi, bambo," anatero.