Njinga Yophwa pa Khonde la Esinala

"Achimwene, chinthu chanuchi chikulira chonchi, chikumva kuwawa?"

Linali funso la Molly, mng'ono wake wa Esinala, tsiku limene njinga inaima koyamba pansi pa mtengo wa msawu wa pakhomo pawo. Nkhondo ya Ajeremani inali itangotha, ndipo m'midzi ya kwa Tengani njinga yodutsa inali imodzi yokha. Mwini wake anali Kaitano, kapitawo wa azungu ogula thonje, Msena wa kumunsi kwa Nsanje.

"Sichikumva kuwawa," anatero Kaitano akuyang'ana Esinala amene ankapeta mapira. "Chaona mkulu wakoyu, mpweya wachithawa."

Esinala sanaseke. Anatunga madzi m'chikho, nagwada, napereka.

Atamwa, mlendoyo anamuitana kuti adzaone. Anamuonetsa valavu, pamene pampu imalowetsera mpweya m'tayala. M'kati mwake munali kachitsulo kovala kamphira kopyapyala, ndipo kanati, kachitsulo kopotokola ndi zala, kankagwira zonsezo. Anati kutentha kwa kuchigwa kuno kumaumitsa kamphirako, kakauma mpweya umabwerera momwe unalowera. Anapaka malovu pakamwa pa valavu, thovu linatukuka. Kenaka anamupempha kuti agwire pamene pampu yaluma, iye akupopa. Zala zawo zinakhudzana, ndipo Esinala anayang'ana kumbali.

Kuyambira pamenepo njinga ija inkaphwa nthawi iliyonse ikafika pa msawu.

A Otilia, mayi wamasiye amene nyumba yake inayang'anana ndi ya kwa Esinala, ndiwo anayamba kudabwa. Anati msewu wochoka ku Nsanje kukafika ku Chiromo ndi wautali, minga ili ponseponse, nanga tayalali lidapangana chiyani ndi mtengo umenewu? Ananena akusenda nyika, timbatata ta akakombo a m'dambo, osakweza mutu, ndipo sanabwerezenso.

Tsiku lina Esinala anadzionera yekha. Kaitano anatsika kuseri kwa nkhokwe, nawerama, namasula kanati ndi zala, tayala nkugona. Kenaka anatulukira akukankha njinga, nkhope yodandaula.

Atamufunsa sanakane.

"Nanga ndiime bwanji pakhomo pa eni popanda chifukwa, duwa langa? Mpweya ndingapope wina. Iwe ndikakudutsa ndikakupezanso kuti?"

Ndi mtsikana uti akanakwiya? Esinala anasunga mawuwo ngati mkanda, osauza ngakhale amayi ake.

Malonjezo anabwera ambiri. Kaitano ankamutchula duwa la m'dambo la Ndindi, nthawi zina mthunzi wake wa masana. Anati ngakhale kwawo mkazi ndiye amatsata mwamuna, iye adzatsata mwambo wa Amang'anja, adzamanga nyumba pomwepa pa amayi ake a Esinala, nkumalimira apongozi. Anati adzamukweza kumbuyo kwa njinga kukaona sitima ya pamtunda ku Chiromo.

"Thonje likangotha kugulidwa, ankhoswe anga afika. Ndikakunamiza, Shire abwerere kumtunda."

Thonje lisanathe, Esinala anazindikira kuti ali ndi pakati.

Anamuuza pansi pa msawu womwewo, dzuwa lili paliwombo. Kaitano anatembenukira ku njinga. Anagwada pa tayala, napopa, mpweya nkubwerera. Anapopanso, nkubwereranso. Anazula kachitsulo, nayang'ana, nati lero si zamasewera, kamphira kang'ambika ndithu, ndipo kena angakapeze kwa amwenye ku Chiromo kokha. Anati apita wapansi, ndipo pobwera adzera kwa abale ake kuti abwere nawo.

Anakankha njinga mpaka pa khonde, naitsamiritsa kuchipupa.

"Ichi ndicho chikole changa, mtima wanga. Munthu angathawe kusiya miyendo yake?"

A Simoni, malume ake a Esinala, anabwera kudzaiona. Anaizungulira, nagogoda chishalo, nati mwamuna wosiya chinthu chotere ndi wobwerera, nkhani idikire ankhoswe. Za pakati sanadziwe. Amayi a pachitsime amene anali atayamba kunong'onezana ankati akadutsa nkuona njinga pa khonde, ankatseka pakamwa. Malinga ngati inali pamenepo, Esinala anali wotomeredwa.

M'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi. Nthawi zina, anthu atapita kumunda, ankamasula pampu nkuyesa kupopa monga anaonera. Tayala linkadzuka pang'ono, kenaka valavu inkalira, nkugonanso. Sankadziwa chimene ankapopera. Ankangopopa mpaka mikono italema.

Msika wa thonje unatsekedwa. Mphepo yotentha inayamba kuulutsa mchenga. Nsalu ya Esinala inayamba kumuthina m'chiuno, ndipo a Otilia anayang'ana kamodzi kokha.

Masana ena, ali chigwadire ndi pampu m'manja, anaona mapazi a fumbi ataima patsogolo pake. Anali mayi wamng'ono thupi, mwana kumsana, milomo yosweka ndi ludzu. Anapereka moni m'Chisena, napempha madzi. Esinala anatunga. Mayiyo anamwetsa mwana kaye, namwa otsala, nathokoza m'chikwawo kuti, "Takhuta."

Anati dzina lake ndi Helena, wachokera kufupi ndi Nsanje. Anati sanavutike kufunsa njira. Mvula inali isanagwe, ndipo m'mphepete mwa msewu, momwe mapazi sapondamo, mzere wa tayala unkaonekabe mumchenga. Pamene unafufutika, ana a m'midzi anamulozera. Mzerewo unathera pa msawu.

Anakhala pansi pafupi ndi njinga ngati munthu wofika pakhomo pake. Ananyowetsa chala ndi malovu, napaka pa valavu, nayang'ana thovu.

"Simungaidzutse chonchi, mai. Mukungotaya mphamvu."

Analowetsa dzanja pansi pa chishalo, natulutsa kansanza komanga ndi ulusi. Atamasula, munali timphira tatsopano. Tinali pamenepo masiku onsewa, pa khonde la Esinala, pansi pa chishalo chimene ankapukuta.

Esinala anayang'ana timphirato. Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sanamve kanthu. Anangomva njiwa ikulira pa msawu, ndi thukuta likutsika kumsana.

Helena anazula kachitsulo, nachotsa kamphira kakale. Anakayang'anitsitsa, nakaonetsa Esinala. Sikanali kouma. Kanali kodulidwa ndi chikhadabo. Ananyambita kachitsulo, naveka katsopano, nabwezera, namanga kanati. Manja ake ankadziwa ntchitoyo osayang'ana.

"Kwa amayi anga inkaphwera pa mgwalangwa," anatero, mawu ake osakwera. "Nanunso ankati mugwire pampu?"

Esinala anagwedeza mutu kuvomera.

Helena anafotokoza zotsalazo akupopa. Anati Kaitano anamulowola mwamwambo, mwana wa kumsanayu ndi wachiwiri. Anati anamva kwa opalasa bwato kuti mwamunayo anawoloka Shire, wapita kukalowa ntchito kuminda ya nzimbe kwa Apwitikizi. Njinga si yake, ndi ya azungu a thonje, ndipo atumiki awo akhala akubwera pakhomo pake kuti ngati siipezeka amutenga iyeyo m'malo mwa mwamunayo. Sanabwere kudzamenyana. Anabwera kudzatenga njinga kuti ana ake asagone okha.

Tayala linadzuka, nalimba. Helena anapakanso malovu. Thovu silinatuluke.

Esinala akanatha kukana. Akanakuwa kuti ichi ndi chikole, malume ake akanabwera, nkhani ikanafika pabwalo. Anayang'ana mwana amene anagona kukamwa kuli yasa, tsaya litakanirira pamsana pa mayi wake. Anaimirira, natenga pampu, naikoleka yekha pamalo pake.

Helena anayang'ana m'chiuno mwa Esinala, natembenukira ku njinga. Sankadziwa kukwera. Anagwira zogwirira, nayamba kukankha kulowera kumunsi, njinga ikuyenda mopepuka pambali pake. Amayi ochokera kuchitsime anapatuka kuti idutse, kenaka onse anatembenukira ku khonde.

Esinala anakhala pomwe panali njinga. Pansi panali timaenje tiwiri ta matayala. Sanalire. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa nyumba unafika pamapazi ake, nawadutsa. Kenaka anatenga mtsuko wopanda kanthu, nauika pamutu, nayang'ana njira ya kumtsinje, kumene madzi amazama pansi pa gombe ndipo ng'ona zimaothera dzuwa.

"Madzi ali m'nyumba mwanga, odzaza mtsuko."

Anali a Otilia, ataima panjirapo ndi lichero m'manja. Anamutula mtsukowo okha, namukhazika pa mphasa ya pakhomo pawo, nampatsa mpeni ndi nyika zoti asende. Anasenda limodzi nthawi yaitali. A Otilia sanati ndinanena. Anangofunsa ngati malume ake akudziwa za pakatipo, ndipo Esinala anati ayi.

"Mawa tipitira limodzi. Woyankhula ndine, iwe ukangokhala kumbuyo kwanga. A Simoni ndinawaona akuyenda opanda nsalu, sangandikalipire."

Esinala anapitiriza kusenda. Anati sakumva chilichonse, ngati thupi ndi la munthu wina. A Otilia anati iwonso zinawatero ataika maliro a amuna awo, ndipo kumva kumabwera kokha, kukabwera kumafuna munthu pafupi.

"Tsono tipangane," anatero, akumugwira dzanja la mpeni. "Kumtsinje supita wekha. Ukafuna madzi, undiitane."

Esinala anayang'ana njira ija, nayang'ana dzanja lokhakhala limene linamugwira.

"Sindipita ndekha, amayi."

"Ndipo tsiku lako likadzafika, usadzatume munthu. Udzangokuwa dzina langa uli m'nyumba. Ndidzamva."

"Ndidzakuwa," anatero Esinala, natola nyika ina m'lichero.