Kamwala Koyera ka ku Phiri la Abuda

Iyi si nthano ayi. Mukafuna mboni, funsani mayi Chansa a kwaya kutchalitchi kwathu ku Germantown, kuno kutsidya la nyanja. Anaona ndi maso awo.

A Yotam, katswiri wa makompyuta ku Rockville, anapita ku Japan pa ntchito mu Okutobala. Tsiku lomaliza anakwera basi ya alendo kukaona phiri lopatulika la Abuda. Malo okongola ndithu: kachisi wakalekale, nyanja yobiriwira, nthaka yofuka nthunzi yonunkha ngati mazira owola. Ponseponse panali timilu ta miyala, pambali pake tizidole ta ana tozungulira ndi mphepo. Woperekeza alendo ankafotokoza, koma mkuluyu n'kuti ali kalikiliki kujambula. Ndiye mukutidziwa ife, kuulendo sitibwerako chimanjamanja. Anatola kamwala koyera pamwamba pa mulu wina, ati ka mwana wake Natalie, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Patatha sabata, mwana uja anayamba kusanja miyala kuseri kwa nyumba. Akaweruka kusukulu, ulendo wa komweko. Mulu ukangofika m'mawondo unkagumuka wokha, iye n'kuyambiranso. Kudya kunayamba kuvuta. Kenako anasiya kulankhula. Madokotala anamuyeza, osapeza kanthu. M'nyumba monse munali fungo la mazira owola lija.

A Yotam anafunafuna kapepala kofotokoza za phirilo kamene anapatsidwa pa ulendo uja. Anayamba kuwerenga ali chilili, anamaliza atakhala pansi. Miluyo amasanja ndi makolo oferedwa ana, kuthandiza mizimu ya anawo kuti iwoloke kupita kudziko la akufa.

"Bambo a Natalie, kabwezeni kamwalako," ananong'ona akazi awo, a Gwendoline.

"Ndaimbako foni kukachisiko. Atseka, akuti chisanu. Mpaka Meyi."

"Meyi? Mwanayu afika Meyi?"

A Yotam anayesa njira zina. Anakatumiza kamwalako papositi, phukusi linabwerera. Abusa anapemphera mpaka mawu kusasa. Mapeto ake a Yotam anakakakiyira kamwalako m'kabati ku ofesi kwawo. Bambo wamkulu ankalira yekha m'galimoto, kusowa mtengo wogwira.

Loweruka masana, mayi Chansa atabwera kudzazonda mwanayo, panja panamveka kaphokoso. Kwe-kwe-kwe, ngati kachidole kozungulira. Mphepo kunalibe. Anatuluka onse atatu.

Mulu unali utaima. Pamwamba pake, kamwala koyera kaja.

A Yotam anapisa m'thumba. Kiyi wa kabati analimo.

Natalie anali atagwada chapambali, akusanja mulu wina. Waung'ono. Miyala itatu.

"Mwanangu, watha tsopano," anatero bambo ake. "Tiye m'nyumba."

Mwana amene chibadwire ankangoyankha m'Chingerezi anadzutsa mutu, n'kuyankha m'Chichewa chosadodoma.

"Uwo ndi wa mnzanga, mwini kamwalako, adadi. Wawoloka."

"Nanga uwu?"

"Uwu ndi wanga."

Anatola mwala wachinayi.