Timitengo ta Azakhali

Dzuwa litapendeka, mayi a mapasa anali kudimba ndi kheni yawo yodontha, akuthirira mbande za tomato mokwiya ngati zawalakwira. M'mawa uliwonse ankapeza zina zitagwa, zodulidwa pakhosi penipeni, pamene tsinde limatulukira m'dothi. Nkhono zikanasiya malovu onyezimira, ziwala zikanaboola masamba, nkhuku zikanapalasa. Izi ayi, zinali zodulidwa bwinobwino ngati ndi lezala.

Kutsidya kwa ngalande kunali dimba la mlongo wa amuna awo, mayi wamasiye yemwe mudzi wonse unkangomutcha Azakhali. Mbande zawo zinali chilili, osagwa ngakhale imodzi, ndipo pambali pa iliyonse panali kamtengo konga ka machesi, kozikidwa mogundana ndi tsinde. Madzulo amenewo Azakhali anafotokoza ali tsidya lomwelo kuti chodula mbande ndi mphutsi yobisala m'dothi, yomwe imadzikulunga patsinde kuti idule, ndipo kamtengo kakakhalapo imalephera. Koma mayi a mapasa anali munthu wosafuna kuphunzitsidwa, makamaka ndi mlamu. Anangotsonya n'kumapita.

M'mawa mwake pamjigo anangoponya funso limodzi, loti kodi timitengo ta m'dimba la alamu awo n'tachiyani, popeza mbande zikufa n'za ena okhaokha. Sananene kuti ufiti. Pambuyo pake ankadzitonthoza ndi zimenezo, kuti mawuwo sanatuluke pakamwa pawo.

Koma funso loponyedwa pamjigo silibwerera lokha. Pofika Lachisanu, wina anali atamva kulira kwa lezala m'madimba. Wina anati m'chipinda mwake mukumamveka fungo la masamba a tomato ndi dothi lonyowa. Kenako mwana wa telala anatupa pakhosi n'kumwalira pasanathe masiku awiri, ndipo pamaliro anthu ankanong'onezana kuti kamtengo kalikonse ndi munthu mmodzi wa m'mudzimo.

Tsiku lotsatira, mayi a mapasa anagwada pambali pa mbande ina yogwa n'kukanda dothi ndi chala. Sanakumbe n'patali pomwe. Inali pomwepo, mphutsi yotuwa, yonenepa, itadzipinda ngati mphete. Anakanda pena, anapeza ina. Anaziphwanya ndi mwala, anakwirira, nakasamba m'manja m'ngalande. Akanatha kuthamangira kwa telala mphutsi zili m'dzanja, koma anaopa kuti anthu olusa aja atembenukira kwa amene anayambitsa nkhani.

Madzulo ake anthu anazula timitengo tonse, anapondaponda dimba la Azakhali, n'kuwatulutsa m'nyumba ndi kamtolo ka zovala basi. Bambo a mapasa anaima pakhomo pawo manja ali kumbuyo, osateteza mlongo wawo ngakhale ndi liwu limodzi. Podutsa pamenepo, Azakhali anaima n'kuyang'ana mlamu wawo.

"Mlamu, awuzeni akumbe pansi pa mbande. Chala chimodzi chokha."

"Ine sindikudziwa zimene mukunena."

Patatha masiku anayi, otola nkhuni anawapeza Azakhali atauma m'chibowo cha uvuni wakale wa njerwa, mvula itawathera pathupi. Pa mfundo ya nsalu yawo panali timitengo todzaza dzanja.

Mbande za mudzi wonse zinapitiriza kugwa, ndipo anthu anati mfiti yasiya ophunzira ake. Dimba limodzi lokha ndi lomwe linasiya kufa. Mayi a mapasa atafika m'mawa wina anapeza kamtengo pambali pa mbande yawo iliyonse, kozikidwa mosamala, dothi litatsindiridwa ndi chala. Panalibe phazi la munthu pamzere uliwonse. Anazula tonse n'kutaya m'ngalande. Kutacha tinali pomwepo, tonyowa.

Anasiya kudya. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali mantha, koma manyazi oti munthu amene anamuphetsa akuwasamalirabe tomato. Tsiku lina anakumba mphutsi zisanu, anaziika m'chitini, n'kukaziika pabenchi pamene amuna awo ankapala matabwa. Anaulula zonse, kuyambira pamjigo mpaka mwala uja. Bamboyo anayang'ana m'chitinimo nthawi yaitali, kenako anakhuthulira mphutsizo nkhuku.

"Ukanena zimenezi kunja, ndiye kuti tinapha munthu wosalakwa. Ine ndinaima pakhomo paja. Tseka pakamwa."

Mayiyo anatsekadi, kachiwiri.

M'mawa mwake anadzidzimuka ndi fungo la dothi lonyowa. China chake chozizira chinkawakhudza pansi pa chibwano. Anapapasa pang'onopang'ono, ndipo chinali kamtengo, kozikidwa chilili pamphasa, mogundana ndi khosi lawo. Anayang'ana kwa mapasa: aliyense anali ndi kake. Anatembenukira kwa amuna awo, amene anagona chafufumimba osaliza mkonono monga ankachitira masiku onse. Pakhosi pawo panalibe kamtengo, panali kamzere kofiira kozungulira, kopyapyala ngati ulusi.

Anawaika m'manda pafupi ndi mlongo wawo, ndipo mudzi unayamba kale kufunafuna mfiti ina.

Mayi a mapasa alipobe, tomato wawo ndi wosiririka, koma sadyako ngakhale mmodzi. Amadziwa bwino ntchito ya kamtengo, kuti sikaikidwa pamene palibe chodula. M'mawa uliwonse, asanatsegule maso, dzanja lawo limathamangira pakhosi kukaona ngati Azakhali sanatope nawo.