Laputopu ya Vera Yasiya Kuyankhula

Vera anadina batani n'kudikira. Zii. Anadinanso, n'kusendeza khutu pafupi ndi sipika. Kafani kokha ndi kamene kamalira m'katimo.

"Rodney! Laputopu yangayi wayitani?"

Rodney, mlongo wake wa Fomu 2, anaima pakhomo thukuta lili kamukamu, ndipo silinali la kutentha kwa ku Nchalo kokha ayi. Vera anasiya kuona ali wamng'ono. Mabuku ake a bureilo anapita ndi madzi osefukira, ndiye chomwe anatsala nacho chinali laputopu yakaleyi, imene a bungwe lina anamupatsa. Munali pulogalamu yomuwerengera manotsi mokweza. Mayeso a Fomu 4 anali atayandikira.

"Ndangoyipanga apugiredi, asisi. Panopa ili bho, sikirini yake ikuoneka bwino heve."

"Ikuoneka bwino kwa ndani?"

Nkhani ya Rodney inali ya gemu ya mpira basi. Mnzake Pius anamuseka kuti Windozi imeneyo ndi ya agogo, gemu singalowe, n'kumubwereka fulashi ya Windozi yatsopano. Rodney anayiika Vera ali kutchalitchi. Gemu itakana kukwana, anafufuza m'katimo n'kupeza chifoda chachikulu chosadziwika bwino, chodya malo chabe. Anachidilita.

Masana omwewo anatengana kupita kumsika, kwa Symon, wobena nyimbo m'mafulashi ndi kukonza mafoni. Vera anagwira phewa la Rodney njira yonse. Mathirakita a nzimbe ankawathira fumbi.

Symon anatsitsa voliyumu, n'kuyang'ana laputopuyo nthawi yaitali.

"Mfana, foda ya Windozi yakale ili kuti? Imatsala muno kuti munthu ukafuna kubwerera uzibwerera."

"Inali yaikulu, abigi. Ndinaidilita."

"Iii! Wawoloka Shire n'kuwotcha bwato iwe." Symon anaseka, koma ataona nkhope ya Vera anasiya. "Pepani achemwali. Pulogalamu yanuyo ndi yakale, ndi Windozi iyi sizikugwirizana. Ndikhoza kusunga manotsi pa fulashi, kufomata, n'kubwezeretsa yakale ija. Koma kufomata kumasesa zonse."

"Bwezeretsani," anatero Vera.

Anakhala pabenchi kudikira. Magetsi anathima, Symon n'kutukwana pang'ono m'Chisena, n'kulumikiza kubatire ya sola. Rodney ankangoyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pasikirini, akupemphera mumtima, iye amene kutchalitchi amachita kukokedwa.

Kenako laputopu inayaka. Windozi yakale yomwe ija, mtundu wake womwe uja.

"Yabwerera! Asisi, yabwerera!"

Vera anatambasula manja, zala zake zinapeza mabatani mosaphonya. Anadina momwe amadinira masiku onse. Anadikira.

"Nkhabe," anatero Symon chapansipansi. "Palibe. Pulogalamu ija inali ya abungwe, ndi kiyi yawo. Ine ndilibe."

Symon anayesa kaliwu kena kowerenga mokweza, kobwera ndi Windozi. Kanatchula mayina a mafoda bwinobwino, koma atatsegula manotsi kanangoti zii, chifukwa ambiri anali masamba ochita kujambula. Anayesa kudawunilodi pulogalamu ina, netiweki n'kumangozungulira mpaka bandulo ya Symon inatha. Vera anatchula nambala ya mayi wina wa kubungwe lija, imene anaiika pamtima. Foni inayankha kuti nambalayo sikupezeka.

"Amenewo anatseka ofesi kalekale," anatero mayi wina wogulitsa zipatso za masawu pafupi. "Pulojekiti inatha, anabwerera ku Blantyre."

Pobwerera kunyumba Rodney analankhula zambirimbiri. Akafunsa aphunzitsi. Akapita ku boma ku Chikwawa. Mwina msuweni wa Pius amadziwa za makompyuta.

"Aphunzitsi ali ndi buku limodzi la bureilo, ndipo tilipo anayi," anatero Vera. "Khala chete, ukundiphonyetsa njira."

Mayi awo atabwera kuchokera ku esiteti ya nzimbe, Vera sanawauze za laputopu. Rodney akanakonda akanamunenera, amukalipire, mwina amumenye, zithe. Koma Vera anangokhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, laputopu ili pamiyendo, chala chili pabatani losayankha.

Rodney anapita kukakhala pambali pake. Anaikoka laputopuyo pang'onopang'ono, Vera osakaniza.

"Munalekezera pati, asisi?"



"Bayoloje. Mutu wa impso."

Rodney anatsegula manotsiwo. Masamba anali ambiri moti chala chinatopa kutsitsa, ndipo imeneyo inali sabujekiti imodzi yokha. Anayamba kuwerenga. Chingerezi chake chinali cha Fomu 2, chopunthwa mzere uliwonse. Pius anatulukira kumpanda, mpira uli m'khwapa.

"Aise, tiye kugiraundi! Gemu ija inalowa?"

Rodney sanadzutse mutu. Pius anaima pang'ono, n'kumapita.

"Ukuchedwa," anatero Vera. "Chonchi sitimaliza ngakhale theka."

"Ndifulumira."

Anafulumira. Anafika pa liwu lina lalitali, la zilembo zopiringizana, n'kulizemba mwakachetechete kupita pa lotsatira.

"Bwerera."

"Asisi?"

"Wadumpha liwu. Ngati likukuvuta, tchula chilembo chimodzichimodzi."

Rodney anameza malovu, n'kuika chala pasikirini.

"G," anayamba. "L. O."