Kampira ndi Zingwe za Nsapato

Tsiku limenelo mvula inali kuwaza. Madzi anali kudontha kuchokera padenga. Tho! Tho! Tho!

Kampira anakhala pakhonde. Anali ndi nsapato zatsopano. Zinali zakuda. Zinali ndi zingwe zazitali.

Mawa lake linali tsiku loyamba sukulu.

Kampira ankatha kusamba yekha. Ankatha kumanga mabatani yekha. Koma zingwe za nsapato zinkamukanika.

"Ndikufuna kumanga ndekha," anatero Kampira.

Kampira ankakhala ndi Ababa ndi Achemwali. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Ababa ankakonza njinga mu shedi kuseri kwa nyumba. Ababa sankayankhula zambiri.

Achemwali anatuluka m'nyumba. Anaona zingwe zili lendelende. Anaseka.

"Bwera ndikumangire, khanda iwe."

"Sindine khanda!"

"Nanga mawa zikamasuka kusukulu? Ndidzagwada ndi kukumangira. Anzako onse adzaona. Kenako ndidzakubereka kumbuyo."

"Ayi!" anakuwa Kampira.

Kampira sankafuna zimenezo. Sankafuna anzake amuseke. Sankafuna amutchule khanda.

Ababa anamva phokoso. Anabwera akupukuta manja. Manja awo ankanunkhira girisi.

"Khala apa," anatero Ababa.

Kampira anakhala pansi. Ababa anakhala kumbuyo kwake. Anagwira manja ake onse awiri.

"Lamanja lipinde," anatero Ababa. "Pinda. Zunguliza. Lowetsa. Koka."

Kampira anapinda. Anazunguliza. Analowetsa. Anakoka.

Chingwe chinapulumuka. Pululu!

"Yesanso," anatero Ababa.

Kampira anayesanso. Dzanja lamanja linali laulesi. Dzanja lamanzere linkafuna kutsogola. Limenelo ndi limene ankagwirira supuni. Limenelo ndi limene ankaponyera mpira.

Ababa analibweza.

"Ili lidikire," anatero. "Lamanja lipinde."

Kampira anapinda. Anazunguliza. Analowetsa. Anakoka mwamphamvu.

Panatuluka chimfundo chachikulu. Chinali cholimba ngati mwala. Achemwali anachimasula ndi foloko.

"Ababa, mawa angovala patapata," anatero Achemwali.

"Ayi."

"Ndiye tichotse zingwezi."

"Ayi. Amanga."

"Uyutu amachedwa pa chilichonse. Anachedwa kukwawa."

"Anakwawa," anatero Ababa.

"Ankakwawa chobwerera m'mbuyo! Ankalowa pansi pa tebulo."

"Ankafika."

"Anachedwa kuyenda. Ankangogubuduzika. N'chifukwa chake timati Kampira."

"Anayenda."

"Anachedwanso kuyankhula."

"Pano satseka pakamwa," anatero Ababa.

Achemwali anaseka. Kampira sanaseke.

Belu la njinga linalira kuseri. Ngiri! Ngiri! Kunali munthu wofuna kukonzetsa njinga. Ababa anaimirira. Anapita ku shedi.

Kampira anatsala yekha. Anayesanso. Zinakanika. Anayesanso. Zinakanikanso.

Misozi inalengeza m'maso mwake. Anavula nsapato imodzi. Anaiponya pansi pa mpando.

Nsapato inakhala pansipo, duu. Kampira anaiyang'ana. Nayo inali ngati ikumuyang'ana.

Kampira anapukuta misozi. Anakwawira pansi pa mpando. Anatenga nsapato ija. Anaivalanso.

Kenako anapita ku shedi. Zingwe zinali kukwekwereka m'matope.

Mu shedi munali zinthu zambiri. Munali matayala akale. Munali machubu pa msomali. Munali pampu, tcheni ndi masipanala. Mbali ina kunali khomo. Mbali ina kunali zenera.

Mwini njinga anali atapita. Njinga yake inali chadodolido, matayala m'mwamba.

Kampira anakhala pa tayala lakale. Anakhala kutsogolo kwa Ababa.

Ababa anazungulitsa tayala. Anamanga sipoko, kawaya ka pa tayala. Anazungulitsanso tayala.

Pamenepo chingwe cha nsapato ya Ababa chinakola pa waya. Chinamasuka.

Ababa anaponda pa bokosi. Anawerama kuti amange.

Kampira anayang'anitsitsa. Tsopano Ababa sanali kumbuyo kwake. Anali kutsogolo, maso ndi maso.

Dzanja la Ababa la mbali ya khomo linapinda chingwe. Kampira anayang'ana manja ake. Dzanja lake la mbali ya khomo linali lamanzere!

Kampira anapinda nalo. Linapinda bwinobwino.

Koma Ababa anali atamaliza kale.

"Ababa, tamasulaninso," anatero Kampira.

Ababa anamuyang'ana.

"Chonde, Ababa. Mumange pang'onopang'ono. Musasunthe pamenepo."

Ababa sanafunse chifukwa. Anamasula chingwe.

Ababa anapinda. Kampira anapinda.

Ababa anazunguliza. Kampira anazunguliza.

Ababa analowetsa. Kampira analowetsa.

Ababa anakoka. Kampira anakoka.

Chingwe sichinapulumuke. Chimfundo sichinatuluke. Nsapato inamangika!

Mfundo yake inali yopendekeka pang'ono. Mbali ina inali yayitali. Mbali ina inali yayifupi. Koma inagwira.

Kampira anagwedeza phazi. Mfundo sinamasuke. Anadumpha. Sinamasuke.

"Ababa! Taonani!"

"Inayo," anatero Ababa.

Kampira anawerama. Tsopano sanaonere kwa Ababa. Dzanja lamanzere linatsogola.

"Pinda. Zunguliza. Lowetsa. Koka," ananong'ona.

Nsapato inayo inamangikanso.

Ababa anayang'ana manja a Kampira. Anaika sipanala pansi.

"Amayi ako ankamanga choncho," anatero.

"Ndi lamanzere?"

"Ndi lamanzere."

"Ankachitanso chiyani ndi lamanzere?"

"Ankasoka. Ankalemba." Ababa anakanda kumutu. "Ankandikoka khutu."

Kampira anaseka. Ababa anamwetulira pang'ono. Anaika dzanja pamutu pa Kampira. Pamphumi pake panatsala girisi.

Achemwali anasuzumira pakhomo. Anaona nsapato zomangidwa.

"Wakumangira ndani?"

"Ndamanga ndekha!"

"Bodza. Masula ndione."

Kampira anamasula. Anapinda. Anazunguliza. Analowetsa. Anakoka.

Achemwali anagwira pakamwa.

"Eee! Khanda lathu lakula. Nanga mawa ndibereka ndani?"

"Mubereke chikwama chanu," anatero Kampira.

Achemwali anamuthamangitsa kuzungulira njinga. Kampira anathawa akuseka. Zingwe sizinamasuke.

M'mawa kutacha, Kampira anasamba yekha. Anamanga mabatani yekha. Anamanga nsapato yekha.

Ababa anaperekeza Kampira ndi Achemwali mpaka pachipata.

"Zikamasuka?" anafunsa Ababa.

"Ndimanga," anatero Kampira.

"Pitani bwino."

Kampira anagwira dzanja la Achemwali. Atayenda pang'ono, analisiya. Anatsogola yekha.

Ababa anaima pachipata. Anayang'ana mpaka ana anakhota pakona.

Kenako anapita ku shedi. Anakhala pa bokosi. Anamasula chingwe cha nsapato yawo, nayamba kuphunzira kumanga ndi dzanja lamanzere.