Mlandu wa Lingson Uzengedwanso

Dzuwa litapendeka, Bertha ankapeta nandolo pakhonde la nyumba yawo ku Nkhulambe. Nyumbayo kale inali khoti. Matipate atabwera khotilo linatsekedwa, ndipo mwamuna wake, a Makina, amene ankaweruza milandu momwemo, anaigula. Zipupa zinali zochindikala, za njerwa zootcha, mawindo ali m'mwamba ndi zitsulo zake. Chitokosi anachisandutsa mosungira chimanga.

Ali mkati mopeta, Bertha anamva mabenchi akukokedwa m'nyumbamo, pomwe mabenchiwo anatha kalekale ndi chiswe. Kenako kunatuluka fungo la thukuta ndi mkodzo, fungo la anthu otsekeredwa.

"Bambo, mwamva?"

"Ndi makoswe," anatero a Makina.

Sabata yomweyo Wyson, amene anali mesenjala wa khotilo, anapezeka atafa m'munda wa chinangwa, manja atapindikira kumbuyo ngati womangidwa, koma chingwe panalibe. Kenako anafa Elton, lilime litatupa mpaka kudzaza m'kamwa. Pamsika wa Migowi anthu anayamba kunong'onezana za Lingson, amene ananamiziridwa kuba ng'ombe chifukwa a Makina ankasirira dimba lake. Wyson ndiye anamumanga, Elton anaikira umboni wabodza. Lingson anafera kundende.

Bertha anapita kukagwada kwa a Belita, mkazi wa malemu Lingson.

"Amayi, tichitireni chisoni."

"Inenso ndinagwada chonchi, pakhomo lanu lomwelo," anatero a Belita osasiya kusenda chinangwa. "Anandikokera kunja ngati thumba. Pitani, mlandu wayamba."

Bertha anathamangira kwawo. Anapeza zitseko zonse zotseka, m'kati muli phokoso la khamu, anthu akutsokomola, ena akuseka. Anakwera pamtondo n'kusuzumira pawindo. M'chipinda chochezeramo munalibe wina aliyense koma mwamuna wake, ataima chilili, manja kumbuyo, akuyankha chipupa.

"Inde, ndinadziwa kuti sanabe. Inde! Ndavomera, musandimenye!"

Pamene anansi ankathyola chitseko, a Makina anali atauma kale, msana uli mikwingwirima yokhayokha.

Pamaliro a Belita anabwera atavala chitenje chatsopano. Amayi anawapatukira, palibe anayerekeza kuwaletsa. Anakhala pafupi ndi Bertha, namugwira phewa.

"Lirani bwino, mwana wanga. Inu mwamuona wanu, mwamusambitsa. Ine mpaka lero sindidziwa kumene anamutaya Lingson."